Lidiya Amatamba

Mayi ake a Albert, aNachisale, anafika ku Halale miyendo itatupa. Anadzera njira ya ku Tete, pa basi imene inkayenda pakati pa malole a asilikali a Chipwitikizi, ndipo panjira anaona ndi maso awo dzenje limene bomba lokwirira linakumba pakati pa msewu. Atatsika pa Musika, pamene pamaima mabasi, asanafunse n'komwe za moyo, anauza mwana wawo kuti, "Njira iyi ndayenda kamodzi, ndikabwerera sindidzayendanso. Mkaziyo undionetse, ndikawauze amalume ako zimene ndaona."

Nkhani inali pamenepo. Amalume ake a Albert, kumudzi ku Dedza, anakana kuvomereza ukwati ndi mtsikana wobadwira m'tauni mlongo wawo asanamuone. Popanda mawu a kumudziko, a Zakaria, bambo wa kwawo komweko amene ankaimira amalumewo kuno ku Halale, sakanaima ngati nkhoswe pamaso pa mpingo. Albert ankagwira ntchito pa fakitale ya mabulangete ku Southerton ndipo ankagona ku Matapi, m'nyumba za amuna apantchito, kumene mkazi saloledwa kugona, choncho mayi ake anafikira kwa a Zakaria. Lamulungu masana, atatuwo ananyamuka kupita kwa makolo a Lidiya.

Bambo ake a Lidiya, a Yoramu, anali okonza njinga. Tsikulo anavala jekete ndi tayi, nabwereka mipando kwa oyandikana nawo. Iwo anabadwira ku komboni ya mgodi ku Shamva, kwa bambo ndi mayi ochokera ku Nyasalandi, ndipo dzikolo anali asanalipondepo. Komabe akati "kwathu" ankanena kumeneko. M'nyumba mwawo ana ankakonda Chishona, ngati ana onse a mu lokeshoni, koma pakabwera mlendo a Yoramu ankayankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyala nsalu yake ya pa Khirisimasi.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Amuna anakhala pa mipando, aNachisale ndi mayi Rebeka, amayi ake a Lidiya, pa mphasa. Lidiya analowa ndi tiyi ndi buledi, nagwada bwinobwino, napereka madzi osamba m'manja kuyambira kwa mlendo. Albert anangoyang'ana pansi monga ayenera kuchitira mnyamata pa bwalo lotere, koma m'mbali mwa diso ankaona mayi ake akuyeza mtsikanayo kuyambira pa duku mpaka ku zidendene. Anaona akulandira kapu ndi manja awiri. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

"Mwanayu ndamuona," anatero aNachisale atamwako tiyi. "Kugwada amadziwa. Koma kumudzi timamva kuti ana obadwira kuno zakwathu sazidziwa. Nanga uyu?"

A Yoramu anakonza tayi. Linali funso limene ankaliyembekezera.

"Mayi, pamenepo mwafunsa bwino. Uyu si mwana wa m'tauni ayi. Zakwathu zili m'magazi mwake. Lidiya amatamba."

Kapu ya aNachisale inaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

Albert anachedwa pang'ono kumva chimene chachitika. Ku Halale mawuwa anawazolowera. M'Chishona kutamba ndi kuvina kapena kusewera, ndipo ana a anthu akwathu obadwira kuno anawalowetsa m'Chinyanja chawo osadziwa kuti alowetsa chiyani. Iye mwini anali atasiya kalekale kuwamva ngati mawu oopsa. Koma kapu ija itaima, anawamva ndi makutu a mayi ake, makutu a ku Dedza, kumene otamba ndi mfiti basi.

"Amatamba," anabwereza aNachisale motsitsa mawu. "Anamuphunzitsa ndani?"

"Mayi anga enieni, malemu. Anayamba naye ali kamwana, asanalowe n'komwe sukulu. Mwezi ukangowala ankatuluka naye. Lero atsikana onse a mu mzere uno amawatsogolera ndi iyeyu. Amatha kuchezera osatopa."

"Inu mumadziwa zimenezi?" aNachisale anafunsa mayi Rebeka.

"Timanyadira," anayankha mayi Rebeka akumwetulira.

"Mukadzapita naye kumudzi," anapitiriza a Yoramu, "adzaphunzitsa ndi adzukulu anu omwe. Muona nokha."

Albert anayang'ana a Zakaria. Mawu amodzi okha akanakwanira, kungoti akunena kuvina. Koma a Zakaria anali atapeza chinachake chochititsa chidwi m'kati mwa chipewa chawo. Albert anatsegula pakamwa natsekanso. Mnyamata wofunsira mbeta sayankhula pamene akulu akuyankhula, ndipo sangayambe kuyankhula mwa kukonza mawu a apongozi ake. Pakhomo la kuchipinda Lidiya anaima akumwetulira mwamanyazi, chifukwa bambo ake ankamuyamikira. ANachisale anakuona kumwetulirako.

Anaika kapu pansi naikankhira kutali pang'ono. Buledi sanamukhudzenso.

"Tamva," anatero. "Miyendo ikundipweteka. Tiyeni, achimwene."

 Pobwerera anadutsa pa holo ya mowa, nadutsa galimoto ya apolisi imene inkayenda pang'onopang'ono kuyang'ana nkhope za anthu, monga zinkachitikira masiku amenewo chiyambire mphekesera za anyamata a m'tchire, omenyera ufulu. Atafika kwa a Zakaria, aNachisale anatunga madzi pa mpope, natsuka m'kamwa, nalavula kangapo.

"Amayi, si mmene mwamveramo," anatero Albert. "Kuno kutamba ndi kuvina. Ndi mawu a Chishona."

"Bambo aja amayankhula Chishona?"

"Ayi, koma mawu amenewo okha ndi amene..."

"Ine ndamva Chinyanja. Kuyambira moni mpaka kutsanzika, Chinyanja chokhachokha, choposa chako chimene wayamba kuchipinda lilimechi."

"Ndi anthu a mpingo, amayi."

"Kwathu a mpingo satamba? Alubeti, usandiphunzitse." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Munthu wa imvi, m'nyumba mwake, wanena za mwana wake. Mkazi wake wavomereza. Mwanayo waseka. Ndisiye zonsezo ndikhulupirire iwe, amene wadya kale za m'manja mwake? Wodyetsedwa sadziwa kuti anadyetsedwa."

"Alongo," analowererapo a Zakaria, "mnyamatayu sakunama. Kuno amaterodi."

"Nanga bwanji simunanene pomwe paja? Ndinakuonani, munali kuwerenga chipewa."

ANachisale sanadikire yankho.

"Ngati lilime ndi limene laterereka, mwini lilimeyo abwere adzanene yekha. Za inu awiri sindikuzifuna, muli mbali imodzi. Basi yanga ndi Lachiwiri m'mawa. Akapanda kubwera, ndikanena zimene ndamva."

Analowa m'nyumba. Albert anatsala panja ndi a Zakaria pafupi ndi khola la nkhuku.

"Amalume, mukawauze ndinu. Ndi anzanu."

"N'chifukwa chake sindingathe," anatero a Zakaria. "Iwe unali usanabwere. Yoramu uyu ndi amene ankawerenga zolengeza mu mpingo mwathu, ndipo ankazikonda. Tsiku lina kunabwera kamphunzitsi kochokera kwathu, kongotuluka kumene sukulu. Yoramu atati tidzakumana svondo yamawa, iko kanaimirira pakati pa anthu n'kuti, pepani akulu, timati sabata. Anthu ena anaseka. Yoramu anatseka buku, naliika pa tebulo, natuluka. Panapita zaka asanalowenso, ndipo mpaka lero amakhala pa benchi ya kumbuyo."

"Koma apa n'zosiyana."

"Apa n'zoipirapo. Munthu ukhoza kumuuza kuti malaya ako ang'ambika kumsana, adzakuthokoza. Koma kumuuza kuti chiyankhulo cha bambo ako sukuchidziwa, wamutcha mtchona. Wamuuza kuti alibe kwawo. Yoramu alibe munda kwathu, alibe manda a makolo amene angawaloze. Ali ndi pakamwa pake pokha. Ndikakamukhudza pamenepo, ukwati wako utha kuchokera mbali inayo, ndipo ine ndi iye sitidzaikananso maliro."

"Ndiye nditani?"

"Mwina mayi ako mtima utsika."

Onse awiri ankadziwa kuti sutsika.

Lolemba Albert analongedza mabulangete ngati munthu wodwala malungo. Kapitawo anamukalipira chifukwa chosakaniza ofiira ndi otuwa m'bokosi limodzi. Tsiku lonse ankayesa mawu m'mutu mwake, ndipo mawu alionse ankatulukira pamodzimodzi: mnyamata wopanda ngakhale nyumba, wogona pa bedi la simenti ku Matapi, akuuza mwini mwana kuti sadziwa kuyankhula. Ataweruka anapalasa njinga mpaka pa Musika, pamene Lidiya ankathandiza mayi ake kugulitsa tomato ndi repu. Anamukodola, naima naye kuseri kwa milu ya makabichi.

Lidiya atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenaka anayang'ana nkhope ya Albert, kuseka kunatha.

"Saka amayi anu akuganiza kuti ine ndimauluka usiku?"

"Akuganiza kuti unaphunzitsidwa ndi agogo ako."

"Agogo anga ankaopa ngakhale mphaka." Anapukuta maso ndi chikhatho. "N'chifukwa chake anasiya tiyi. Ine ndimati ndachulutsa shuga."

"Akufuna amve kwa bambo ako eniake. Sungawauze?"

"Ine? Adzati wakuphunzitsa ndani kukonza pakamwa pa bambo ako. Ndipo adzadziwa kuti ndinu. Ndiye mudzakhala munthu wotuma mwana wawo kukawanyoza."

"Nanga amayi?"

"Amayi Chinyanja chawo anachitenga kwa bambo. Bambo akati ili ndi dzira, ndi dzira." Anathyola tsamba la kabichi nalipinda-pinda. "Mukawauze nokha, Albert. Akakwiya, akwiyire munthu amene wabwera ndi nkhope yake. Koma pasakhale anthu. Ndipo musakayambe ndi pepani, mawu amenewo amadana nawo."

"Akandikaniza iwe?"

"Mukapanda kupita, akukanizani kale amayi anu. Kusiyana kuli pati?" Anatembenuka chifukwa mayi Rebeka anali kumuitana. "Pitani asanatseke."

A Yoramu ankakonzera njinga pansi pa mtengo, kuseri kwa sitolo ya mmwenye, pafupi ndi mpanda wa njanji. Albert asanakhote pa kona anatsika, natulutsa mpweya wonse m'tayala la kumbuyo, nayamba kukankha njinga. Anapeza pali anthu awiri, wina akudikira tcheni chake, wina wongocheza. Anapereka moni, nakhala pa chitini chakutali pang'ono. Wa tcheniyo anapita. Wochezayo anayamba nkhani ya mwana wa mlongo wake amene anasowa ku sukulu ya mishoni pamodzi ndi anzake, ndipo anaikoka nkhaniyo motsitsa mawu mpaka dzuwa linafika pa madenga a mafakitale. Albert ankangoona mthunzi wa mpanda ukutalika. Pomaliza munthuyo ananyamuka.

"Bweretsani, a Mwale," anatero a Yoramu, kumuitana ndi mfunda wake monga ankachitira chiyambire kufunsira.

Anatembenuza njinga, nachotsa tchubu, nachipopa, nachimiza m'beseni la madzi akuda. Anachizungulitsa chonse pang'onopang'ono. Sipanatuluke thovu. Anachizungulitsanso.

"Tchubu ichi chilibe bowo."

"Mwina ndi valavu, bambo."

"Valavu ili bwino." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi anu miyendo ili bwanji? Dzulo ananyamuka msanga."

"Ikuchepako."

"Anamuona bwanji mwana wathu?"

 Albert anali atakonza njira yozungulira, yoti cholakwa chikhale chake.

"Bambo, ine Chishona chinandivuta kwambiri nditangofika kuno. Tsiku lina mnzanga wa ku Matapi anandiuza kuti tiyeni ku Stodart tikaone anthu akutamba. Ine ndinakana, ndinachita mantha. Ndinati anthu a kuno ndi olimba mtima bwanji, kuchita zotere masana, mu holo, anthu n'kumalipira pakhomo kuti aonere."

A Yoramu anaseka kwambiri, mpaka anavula magalasi.

"Munkaganiza kuti n'chiyani?"

"Ufiti, bambo."

"Ufiti? Inu a Mwale, ndinu a kumudzi zoona. Kutamba ndi kutamba, kuponda pansi ng'oma ikulira. Chimenecho n'Chinyanja chenicheni, Ashona anachita kutibera. Bambo anga ankatero." Anayamba kubwezera tchubu m'tayala akupukusa mutu. "Ana a masiku ano chiyankhulo chikukuthawani."

Njira yozungulira ija inathera pomwepo.  Albert akanatha kuseka nawo, kutenga njinga yake n'kumapita, ndipo a Yoramu akanamukonda kuposa kale. Anaganiza za basi ya m'mawa. Anatsika pa chitini nanjuta pansi, kuti mutu wake ukhale m'munsi mwa wawo.

"Bambo, ndine mwana, ndipo si malo anga. Koma kwathu kuponda pansi ng'oma ikulira timati kuvina. Kutamba timanena za mfiti zokha. Palibe tanthauzo lina. Amayi anga Chishona sachidziwa."

Manja a a Yoramu anaima pa tayala.

Sitima ya katundu inadutsa kuseri kwa mpanda, yaitali, ndipo kwa nthawi yonseyo panalibe chifukwa choyankhulira. Albert ankaona milomo ya bamboyo ikuyenda pang'ono. Anali kubwereza zimene ananena dzulo, chimodzichimodzi, agogo, mwezi, atsikana a mu mzere, adzukulu. Sitima itatha, a Yoramu anayankhula osamuyang'ana.

"Ndinanena kuti adzaphunzitsa adzukulu awo."

"Munatero, bambo."

"Zakaria anamva?"

"Anamva."

"Ndipo anakhala chete." Anatenga pampu. "Inunso munakhala chete."

"Sindikanatha pamaso pa anthu."

A Yoramu anayamba kupopa, mwamphamvu kuposa mmene tayala linkafunira. Anasiya, nalitsina, napopanso.

"Pa maliro a mayi anga ndinaimirira pamaso pa anthu onse akwathu a mu Halale muno. Ndinati mayi awa anali odziwa kutamba, m'komboni monse munalibe wowaposa. Anthu anati mmm. Ndinkayesa akuvomereza." Anachotsa pampu. "Zaka zonsezi anthu akhala akundimvera ngati mmene timamverera mwana."

"Amadziwa zimene mukutanthauza, bambo. Palibe amene amaseka."

"Musandinyengerere. Alipo mawu ena?"

Albert anafuna kunena kuti palibe. Koma munthu amene wangomuuza zoona zowawa sungamutsatize ndi bodza, amalizindikira.

"Alipo, bambo. Koma enawo sapweteka munthu."

"Ambiri?"

Albert anayang'ana pansi.

A Yoramu anaimika njinga pa matayala ake naikankhira kwa iye. Anayamba kutolera masipanala m'thumba la chiguduli, nataya madzi a m'beseni pa tsinde la mtengo.

"Amayi akunyamuka mawa m'mawa," anatero Albert. "Anati akufuna amve kwa inu. Ine ndi a Zakaria sakutikhulupirira."

"Kukuda. Pitani apolisi asanayambe kufunsa zitupa."

"Bambo, kodi ndiwauze kuti..."

"Ndati pitani, a Mwale."

M'mawa mwake pa Musika panali podzaza kuposa masiku onse. Apolisi anali kumasula katundu wa aliyense wokwera mabasi opita kumpoto ndi kummawa, kufunafuna nsapato, mankhwala ndi zovala zachimuna zochuluka zopita kwa anyamata a m'tchire. Mtolo wa aNachisale anaumasulanso, napeza bulangete limene Albert anawagulira, sopo ndi shuga, naukankhira pambali. Iwo anaumanganso nakhala pa benchi. A Zakaria anaima chapatali akucheza ndi kondakitala za msewu wa ku Tete. Kondakitalayo ankati sabata yatha basi ina inagona pa malire a Nyamapanda chifukwa asilikali operekeza sanabwere.

Albert anali atauza mnzake kuti akanene kwa kapitawo kuti wadwala m'mimba. Anaima pafupi ndi mayi ake akuyang'ana chipata. Munthu aliyense wamtali wolowa pachipatapo ankamudumphitsa mtima.

"Usathyoke khosi," anatero aNachisale. "Munthu sabweza zoona."

Anyamata anayamba kuponya katundu pa denga la basi. Dalaivala analiza injini naisiya ikulira. Anthu anayamba kukankhana pakhomo. ANachisale anaimirira namanga chitenje.

"Atsikana kumudzi aliko," anatero. "Amalume ako akupezera. Udzalira mwezi umodzi, udzatonthola."

Pamenepo Albert anawaona a Yoramu. Sanalowere pachipata, anatulukira pakati pa mabasi, atavala ovolosi yawo ya mafuta, opanda jekete, opanda tayi. Anali okha. Anafika pamaso pa aNachisale, navula chipewa, nanjuta pa simenti yonyowa, pakati pa makoko a nthochi ndi mapazi a anthu.

"Mayi, ndabwera kudzabweza mawu."

ANachisale anakhalanso pa benchi.

"Mwana wanga amavina. Mayi anga ankavina, ndipo anamuphunzitsa kuvina. Mawu ena aja ndinawanena chifukwa sindiwadziwa." Anaima kaye, napukuta chipewa ndi chikhatho. "Ine ndinabadwira ku mgodi. Kumene ndimati kwathu sindinapondeko. Chinyanja changa ndinachitola pakamwa pa makolo anga, ndipo anamwalira ndisanatole chonse. Mipata yotsalayo ndinatseka ndi za kuno, osadziwa. Mwana wanu ndi amene wandiuza."

"Alubeti wakuuzani?"

"Iyeyo."

ANachisale anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ndipo Albert sanathe kudziwa ngati akumuyamikira kapena akudabwa kuti analera mwana wopanda mwambo chotere. Kenaka anabwerera kwa a Yoramu.

"Amavina chiyani?"

"Chimtali. Ndi zina za kuno zimene simungazidziwe."

"Masana?"

"Pa maukwati, mayi. Ndi pa Khirisimasi. Za mwezi zija n'chizolowezi cha ku komboni, kumene kunalibe magetsi, ndipo masana mayi anga ankachapa zovala za azungu."

"Mayi anuwo kwawo kunali kuti?"

"Ankati kwa Kapuka."

Albert anaona milomo ya mayi ake ikukonzeka kutulutsa mpweya umene unasowa m'dzinalo, chifukwa mudziwo ndi kwa Kaphuka ndipo mwana aliyense wa ku Dedza amaudziwa. Milomoyo inatsekekanso.

"Kumeneko ndimakudziwa," anatero. "Akazi ake amavinadi."

Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho. A Zakaria anafika mothamanga pang'ono, naima atagwira chipewa pamimba, osadziwa poyang'ana.

"Dzukani, bambo, mukudetsa maondo," anatero aNachisale. "Munthu wa msinkhu wanu sanganjute pa msika chifukwa cha bodza." Anatembenukira kwa a Zakaria. "Achimwene, ndikawauza eni mbumba kuti mtsikana ndamuona, ndi waulemu, ndipo kwawo kuli akulu. Inu muimirire, zinthu ziyende. Koma mukadzabwera naye kumudzi, mawu aja adzawasiye pa Nyamapanda. Kwathu kulibe wodzawamasulira."

Anakwera, mwendo umodzi kenaka unzake, Albert akuwakankhira mtolo kumbuyo. Anapeza malo pa windo la mbali inayo, kotero kuti basi potuluka sanaonekenso. Albert anaiyang'ana mpaka inakhota. Anali asanaganizepo za msewu wa ku Tete m'mawa wonsewo, ndipo tsopano unamubwerera wonse, ndi dzenje lake lija. Mawu a ukwati wake anali m'basi imeneyo, ndipo akanadziwa kuti afika pokhapokha wina wochokera kumudzi atabwera kudzanena.

A Zakaria anatambasula dzanja kwa a Yoramu.

"Achimwene, mwachita zamphamvu."

A Yoramu analigwira dzanjalo pang'ono nalisiya, osawayang'ana kumaso. Anavala chipewa nayamba kuyenda kulowera ku mpanda wa njanji. Albert anawatsatira.

"Bambo, zikomo kwambiri. Sindidziwa kuti ndinganene bwanji."

A Yoramu anaima. Anamuyankha mofatsa, mopanda mkwiyo, kuti athamangire ku ntchito asanamudule tsiku, ndi kuti madzulo adutse kunyumba akamuuze Lidiya yekha. Koma zonsezi anazinena m'Chishona. Chiyambire kudziwana anali asanamuyankhulepo m'Chishona.

Albert anayankha m'Chinyanja kuti wamva, adutsa.

A Yoramu anagwedeza mutu, nanenanso m'Chishona kuti ayende bwino, napitiriza ulendo wawo.